Ng'ombe Zimene Zinalibe Sabata

Ndinafika ku Chitipa ndili mphunzitsi wachinyamata, ndi sutikesi imodzi, mkazi amene ndinali nditangomukwatira, ndi khasu limene amayi anandikakamiza kunyamula kuchokera kwathu ku Ntchisi. Anati munthu sapita kudziko lachilendo wopanda khasu. Ananditumiza pasukulu ina kufupi ndi Kaseye, ndipo ndinkaganiza kuti ndikhalako zaka ziwiri basi. Lero tsitsi layera ndidakali konkuno.

Kwathu munda timaulima ndi msana. Kuno ndinapeza anthu akulima ndi ng'ombe, ndipo chaka choyamba ankaima panjira kundionerera ndikugalauza ndi khasu lija pamunda umene eni dera anandibwereka. Sankandiseka mokweza, anthu a kuno ndi aulemu. Ankangondipepesa m'chinenero chawo kuti, "Pole, Asambizgi," n'kumapita. Asambizgi ndiye kuti aphunzitsi, ndipo dzinali landikakamira mpaka lero ngakhale choko ndinachisiya kalekale.

Pulawo imakokedwa ndi ng'ombe ziwiri, koma si aliyense ali ndi ziwiri zokhwima. Choncho wa ng'ombe imodzi amafunafuna mnzake wa ng'ombe imodzi, n'kuziphatikiza pagoli limodzi. Salemberana kalikonse. Chofunika n'chakuti ng'ombezo zifanane msinkhu ndi mayendedwe, ndiponso eni ake akhale anthu omvana. Amati kusankha mnzako wa goli kumafuna mutu wozizira kuposa kusankha mkazi, chifukwa ukayambana ndi mkazi ankhoswe alipo, koma ukayambana ndi mnzako wa goli mu Disembala palibe wokuweruzani, aliyense ali kumunda.

Patapita zaka ndinapeza ng'ombe yanga, yofiira, ya nyanga zazifupi. Nthawi yomweyo mnansi wanga, amene munda wake unagundana ndi wanga, anali atataya imodzi ndi matenda n'kutsala ndi yakuda yokha. Anali bambo wachilambya, wamfupi, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu, woseka ndi thupi lonse. Ndinkamutcha Adada monga amachitira a kuno. M'mawa wina anabwera, anandipatsa moni wa kwawo, "Mwaghona," ndipo m'malo mokhala pampando anapita kukhola kukayang'ana miyendo ya ng'ombe yanga. Anaizungulira kawiri. Kenaka anati, "Goli ndili nalo, ndinasema ndekha. Pulawo ndi yanu. Sono tikudikira vichi?" Ndiye kuti, tsopano tikudikira chiyani.

Panali chinthu chimodzi chimene anthu ankati chitigawanitsa. Adada anali mkulu wa mpingo wopembedza Loweruka. Ine ndimapembedza Lamulungu, ndipo kuyambira ubwana wanga ndakhala wowerenga Mawu mumpingo. Tonse awiri Baibulo tinkalikonda, tonse awiri tinali ndi makani. Tikakhala pansi pa mtengo wa mango umene unali pamalire a minda yathu, nkhani inkathera pomwepo.

"Asambizgi, inu mumaphunzitsa masamu," ankatero. "Werengani masiku. Lachisanu ndi chiwiri ndi liti?"

"Nanga manda anapezeka apululu tsiku liti, Adada?"

"Yayi, musathawe funso. Mwana wa sukulu akathawa funso mumamupatsa vichi?"

Tinkaseka, aliyense n'kupita kwawo ali ndi tsiku lake m'thumba.

Koma kusiyana kumeneku, m'malo motigawanitsa, kunaoneka ngati dalitso. Pakati pa mlungu ine ndinali m'kalasi, ndiye ng'ombe zinkalima kwa Adada ndi kwa abale awo. Loweruka linali tsiku langa lokhalo lathunthu, ndipo ndilo tsiku limene iwo sankagwira pulawo. Lamulungu ine ndili kutchalitchi, iwo ali kumunda. Panalibe kulimbirana. Tinkauza anthu kuti Mulungu ndiye anatikonzera.

Tsono lamulo lachinayi, la Sabata, tonse tinkalidziwa pamtima, ndipo tinkadziwa kuti limatchula ng'ombe. Adada sakanalola kuti ng'ombe yawo ilime pa Sabata. Nayi nzeru imene tinapeza, ndipo ndikuilemba ndi manyazi pang'ono. Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka, Adada ankabwera ndi ng'ombe zonse ziwiri kukhola kwanga, n'kundipatsa chingwe m'manja ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Kuyambira sono yakudayi si yanga. Ndi yanu." Ine ndinkalandira n'kuthokoza kuti, "Yewo, Adada." Loweruka dzuwa likalowa ndinkaperekeza zonse ziwiri kukhola kwawo, n'kubweza chingwe chija ndi mawu omwewo: yofiirayi si yanga, ndi yanu. Motero pa Sabata lawo iwo analibe ng'ombe yogwira ntchito, ndipo pa tsiku langa ine ndinalibenso. Tinkachita zimenezi mwaulemu, ndi nkhope za m'tchalitchi. Loweruka m'mawa ankadutsa m'mbali mwa munda wanga atavala jekete, Baibulo m'khwapa, n'kufuula, "Ng'ombe zanu zikuyenda makora, Asambizgi!" Makora ndiye kuti bwino. Mawu akuti zanu ankawakweza dala.

Zaka ziwiri zinadutsa bwino. Chachitatu mvula inachedwa. Novembala anatha kuli gwa, nthaka yolimba ngati njerwa, pulawo yosalowa. Msipu wa kudambo unauma, ng'ombe zinaonda nthiti kuwerengeka. Kenaka mu Disembala mvula inagwa yonse pakamodzi, ndipo mudzi wonse unadzuka ngati linthumbu. Aliyense ankafuna kulima ndi kubzala m'masiku omwewo. Achimwene a Adada anapempha, alamu awo anapempha, ine ndinali nditalonjeza mayi wina wamasiye wa kumpingo kwathu. Palibe amene tinamukaniza, ndipo tinkadziona ngati anthu achifundo. Ng'ombe zinkalowa m'goli kusanache bwino, kutuluka dzuwa lili pamutu, kubwereranso madzulo. Munda wanga ndinausiya kumapeto, podalira Maloweruka anga.

Pamene ndinkalima, mkazi wanga ndiye ankatsogolera ng'ombe, ine ndili pambuyo ndi pulawo. Iye ndiye ankaziona kumaso. Lachisanu lina Adada atapereka chingwe n'kupita, anandiitanira kukhola n'kundionetsa khosi la yakuda ija. Pamene pamakhala goli panali patasupuka, ntchentche zikuzungulira.

"Mawa isalime iyi," anatero.

"Mawa lokha," ndinayankha. "Theka la munda latsala. Tikaphonya mawa ndiye mpaka Loweruka linalo, anzathu chimanga chitamera."

Anapaka mafuta pabalapo, n'kukulunga goli ndi chigamba cha thumba.

Loweruka limenelo tinayamba m'mamawa. Yakuda inkayenda mokoka miyendo, goli likupendekera mbali yake. Ndinkaikalipira. Ndinaikwapula kawiri, ndipo ndimakumbukirabe kulira kwa chikwapucho. Dzuwa litakwera pang'ono, pakati pa mzere, inangopinda maondo n'kugwa, kukokera yofiira pansi. Tinamasula goli mwamsanga. Yofiira inadzuka n'kupita pambali. Yakuda inagona chammbali m'matope, khosi litatambasuka, ikupuma mofulumira, maso ali tong'o. Ndinaikoka mchira, ndinaiwomba m'manja kukhutu, ndinaithira madzi. Sinasunthe.

Aliyense woweta amadziwa kuti ng'ombe ikagona nthawi yaitali siidzukanso. Imeneyi inali ng'ombe yokhayo ya Adada, chuma chonse cha banja lawo, ndipo inagwa m'munda mwanga, pansi pa chikwapu changa, pa Sabata lawo.

"Pitani mukawaitane," anatero mkazi wanga.

"Ali m'kati mwa mapemphero."

"Ndiye mudikira kuti ng'ombeyi ife kaye? Kapena mukufuna kunena kuti ndi yanu, poti anakupatsani chingwe?"

Ndinakwera njinga ndi matope anga. Tchalitchi chawo chinali chaching'ono, cha njerwa zosawotcha, kuseri kwa phiri laling'ono. Ndinaima pazenera. Adada anali kutsogolo akuphunzitsa. Atandiona anadziwa. Anatseka Baibulo, ananong'oneza mnzawo, n'kutuluka. Sanafunse zambiri. Anakwera pakaliyala, ine n'kupalasa kubwerera kumunda.

Titafika tinapeza anthu atasonkhana kale. Nkhani ya ng'ombe yogwa imathamanga kuposa ya maliro. Ena anali atabwera ndi mabeseni, ndipo bambo wina wodziwa kusenda, amene sankasowa pamene pagwa chiweto, anali akunola mpeni pamwala. Sikunali kuuma mtima. Ndiwo mwambo wake: ng'ombe ikagwa amaizinga isanafe yokha, kuti nyama idyedwe ndipo mwini wake asataye zonse.

Adada anadutsa pakati pawo, n'kugwada m'matope ndi buluku lawo la Sabata. Anaika dzanja pamphumi pa ng'ombe, n'kuilankhula m'chilambya motsitsa mawu. Kenaka anaona khosi lija.

"Adada, musachedwe," anatero wampeni uja. "Ikafa yokha mudya chikumba."

"Lero ndi Sabata. Palibe kuzinga."

"Sabata? Nanga yagwa ikuimba kwaya?"

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati, "Si yawo lero, ndi ya Asambizgi! Afunseni Asambizgi, iwo lero sapembedza!" Kuseka kunakula. Apo m'pamene ndinadziwa kuti mudzi wonse unkadziwa za chingwe chathu, ndipo unkationa bwino lomwe.

Adada anaimirira, matope ali m'maondo. "Ndi yanga," anatero. "Inali yanga dzulo, ndi yanga lero. Dzuwa lisanalowe palibe mpeni."

Wampeni anayang'ana kumwamba kuyeza dzuwa, n'kunena kuti abweranso madzulo. Anthu anabalalika pang'onopang'ono ndi mabeseni awo.

Tinatsala atatu. Adada anavula jekete n'kulipachika pamtengo wa mango. Tinakankha ng'ombe ija mpaka inakhala chogonera pachifuwa, n'kuichirikiza ndi mitolo ya udzu kuti isagwerenso chammbali, chifukwa ikagona chammbali mimba imatupa. Tinazika mitengo inayi n'kuika masamba a nthochi pamwamba kuti pakhale mthunzi. Mkazi wanga anapita kudambo kukatunga madzi, n'kusungunulamo madeya ndi mchere pang'ono. Poyamba inakana. Patapita nthawi inanyambita.

"Adada," ndinatero, "mukugwira ntchito pa Sabata."

"Ambuye anafunsa kuti ng'ombe yako ikagwa m'chitsime pa Sabata umaisiya momwemo? Iyi ndi ntchito imene Sabata limaikonda." Anapukuta manja pa udzu. "Koma Asambizgi, ya m'chitsime imagwa yokha. Iyi tachita kuikankhira ndife."

Mkazi wanga anali atakhala pambali, akuchotsa nkhupakupa kukhutu kwa ng'ombe. Sankakonda kulowerera nkhani zathu za Malemba, koma tsikulo analankhula osadzutsa mutu.

"Ine ndakhala ndikuwerenga. Chigwereni mvula, Adada mwapuma katatu. Bambo akunowa apuma katatu. Izi zapuma kangati?"

Yofiira inali poteropo ikudya udzu mwaphuma ngati ikuopa kuti tiibwezera m'goli.

Madzulo onsewo tinakhala pambali pa ng'ombeyo, tikuitembenuza mbali ina pakapita nthawi kuti miyendo isafe dzanzi. Kwa nthawi yoyamba tinakamba za Sabata osakangana za tsiku. Adada ananena kuti lamuloli Mose analilemba kawiri. Koyamba chifukwa chake n'chakuti Mulungu analenga zonse masiku asanu ndi limodzi n'kupuma. Kachiwiri chifukwa chake n'china: Aisraeli akukumbutsidwa kuti anali akapolo ku Iguputo, ndipo Mulungu anawatulutsa. "Ine ndakhala ndikuphunzitsa choyambacho zaka zonsezi," anatero. "Chachiwirichi ndimangochidumpha ngati ngalande."

Ndinaganiza za Aisraeli aja oumba njerwa, amene atapempha kupita kukapembedza, Farao anawayankha kuti ndi aulesi, n'kuwalanda udzu, chiwerengero cha njerwa chili chomwecho. Anthu otere atapatsidwa tsiku lopuma sanaliwone ngati katundu. Linali chizindikiro chakuti alibenso kapitawo. Ndipo Mulungu, podziwa kuti kapolo wa dzulo sachedwa kusanduka Farao, anawatchulira mmodzimmodzi onse amene ali pansi pa dzanja lawo: mwana, wantchito, ng'ombe, bulu, mlendo wa m'mudzi. Onsewa ndi amene sangathe kudzipatsa okha tsiku. Ine ndinali nditatenga Sabata ngati malaya oyera oti ndizivala ndekha. Sindinaone kuti ndi chakudya chimene mwini nyumba amagawira a pakhomo pake onse, kuyambira wamng'ono.

Dzuwa linayamba kufiira. Wampeni anabweradi, ndi anthu owerengeka. Ng'ombe inali isanadzuke, ngakhale mutu inali itaudzutsa. Adada anayang'ana dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a ku Zambia, ndipo ndinaona mapewa awo akugwa. Sabata lawo linali litatha, analibenso chifukwa chokanira mpeni.

"Sono?" anatero wampeni. "Mawa mudzapeza yauma."

Zimene ananenazo zinali zoona ndithu, zikanatha kuchitika. Ikanafa usiku, Adada akanataya ng'ombe ndi nyama yomwe, ndipo wolakwa ndikanakhala ine. Koma ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu.

"Munda uno ndi wanga, ndipo tsiku langa layamba. Pano sipakhetsedwa magazi mpaka Lolemba."

"Inu tsiku lanu limayamba m'mawa, Asambizgi! Mwalowa liti mpingo wa Adada?"

"Lero ndabwereka mawerengedwe awo."

"Ng'ombe iyi ili ndi mwayi chomene," anatero uku akubweza mpeni m'chikwama. "Ikupempheredwa ndi mipingo iwiri."

Atapita ndinatembenukira kwa Adada. Ndinawauza kuti ng'ombe ndi yawo, ngati akufuna ndimuitanenso munthuyo, ndithamanga. Ndinawauzanso kuti ikafa, yofiira ikhala yawo, osati mwa chingwe chathu chija koma zenizeni. Anapukusa mutu. "Tiipatse tsiku lanu," anatero. "Langa tinalidya theka."

Lamulungu kutacha ndinathamangira kumunda. Ndinapeza Adada afika kale, atakhala pachitsa. Ng'ombe inali moyo. Inali itamwa madzi onse a m'ndowa, koma kudzuka ayi. Tsikulo linali lawo lolima, ndipo yofiira ikanatha kuphatikizidwa ndi ng'ombe ya munthu wina, koma goli linali litatsamira pamtengo wa mango pamene tinalisiya.

"Pitani kutchalitchi," anandiuza. "Ine ndi mlonda lero."

Linali tsiku langa lowerenga Mawu. Ndime imene anandikonzera inali ina, koma ndinapempha mkulu wa mpingo kuti ndiwerenge lamulo lija monga lalembedwera m'buku lachisanu la Mose. Ndawerengapo pamaso pa anthu kwa zaka zambiri, ndipo lilime langa silinkagwa. Tsiku limenelo nditafika pamene patchulidwa ng'ombe, mawu anandithera. Ndinaima. M'tchalitchi munali anthu ena amene dzulo lake anabwera ndi mabeseni, ndipo palibe anaseka. Mayi wamasiye uja, amene munda wake tinaulima ndi ng'ombe zomwezo, anayambitsa nyimbo motsitsa kuti andipatse mpata. Nyimbo itatha ndinamaliza kuwerenga.

Pobwerera ndinkaganiza za mana m'chipululu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ankatola a masiku awiri, ndipo sankaola. Koma panali ena amene anatulukabe tsiku la Sabata ndi mitanga yawo, osapeza kanthu. Kale ndinkawaona ngati anthu osamvera chabe. Tsikulo ndinawamvetsa, chifukwa ndinali mmodzi wa iwo. Anali ndi mantha. Munthu amene anagonapo ndi njala sakhulupirira msanga kuti mawa kuli chakudya. Inenso chimene chinandikwapulitsa ng'ombe yodwala sichinali nkhanza, anali mantha a theka la munda lija. Kuleka ntchito mvula ili mkati n'kunena ndi manja ako kuti chimanga sichimera chifukwa cha iwe wekha.

Ndinapita kumunda osadutsa kunyumba. Mkazi wanga anali komweko, atabweretsera Adada mbatata yophika ndi tiyi. Anandikodola kuti ndiyende pang'onopang'ono.

"Tamverani," ananong'ona.

Ng'ombe inali ikubzikula. Nsagwada zikuyenda uku ndi uku, mosafulumira, maso atatsinzina pang'ono. Woweta aliyense amadziwa kuti ng'ombe yobzikula yayamba kubwerera. Tinakhala pansi n'kumamvetsera. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Kunali mitambo, kamphepo kakuchokera ku mapiri a Misuku, ndipo m'minda yozungulira munkamveka anthu akukalipira ng'ombe zawo. Kwathu kokha kunali zii. M'moyo wanga wonse wopita kutchalitchi, sindikumbuka kuti ndinapumapo ngati madzulo amenewo, ndili pansi pa masamba a nthochi ndi nsapato zamatope, ndikumvera nsagwada za ng'ombe.

Dzuwa litapendeka, yofiira inayandikira n'kuinunkhiza mnzakeyo kukhutu, n'kulira kamodzi. Yakuda inagwedezeka. Inaponya thupi kutsogolo, n'kudzutsa miyendo yakumbuyo monga zimachitira ng'ombe, n'kukhala chogwada ndi yakutsogolo, ikunjenjemera. Ndinafuna kuthamanga kukaithandiza koma Adada anandigwira dzanja. "Ilekeni." Inakhala choncho kanthawi. Kenaka mwendo umodzi, kenaka winawo. Inaima, mitolo ya udzu ikugwa m'mbali, n'kugwetsa mthunzi wathu wonse ndi linunda.

Adada anaseka mpaka misozi. Kenaka anavula chipewa, ndipo tinapemphera chiimire, iwo m'chilambya, ine m'Chichewa, mkazi wanga akuti amen kwa tonse awiri.

Lolemba wampeni anadutsa n'kuipeza ikudya kudambo. Anaima, manja m'chiuno. "Ndanola mpeni pachabe," anatero. "Pa Khirisimasi mundiitane ngakhale pa nkhuku."

Chaka chimenecho yakuda sinalowenso m'goli. Khosi linatenga masabata kuti lipole. Theka la munda lija tinalilowa ndi makasu, ndipo khasu la amayi la ku Ntchisi linatulukanso pamene linali litapachikidwa. Adada ndi akazi awo anabwera masiku awiri kudzatithandiza, akudandaula kuti msana wa Mlambya sunalengedwere zimenezi. Sitinamalize. Chigawo cha kumunsi chinagona tsala, ndipo chimene tinabzala mochedwa chinabereka zitsononkho zazing'ono. Sindinganame kuti nkhokwe inasefukira. Chimanga chinatha mvula ina isanakhwimitse chatsopano, ndipo tinadutsa miyezi imeneyo ndi chinangwa, mbatata ndi nthochi zimene akazi a Adada ankatigawira zikabwera kuchokera kwa abale awo ku Misuku. Koma palibe tsiku limene ana anga anagona osadya. Amene ankatola mana sankakhuta zonona, koma palibe anafa ndi njala.

Nyengo yotsatira isanayambe tinakhala pansi pa mango uja kukambirana. Funso linali lakuti ng'ombe zizipuma tsiku liti.

"Lachisanu ndi chiwiri," anatero Adada. "Ng'ombe zinalengedwa mipingo yanu isanabwere."

"Yofiirayi ndi ya m'nyumba mwanga. Imatsata mwini wake."

"Ndiye goli lidzakokedwa ndi ng'ombe imodzi?"

Tinayang'anana. Panalibe njira ina. Popeza yakuda sinkalima Loweruka ndipo yofiira sinkalima Lamulungu, goli linkagona masiku awiri. Kwa ine zinatanthauza kutaya tsiku langa lokhalo. Adada anati munda wanga uzilimidwa pakati pa mlungu, iwo agwire pulawo, mkazi wanga atsogolere, ine ndikaweruka kusukulu ndizilandira madzulo. Anatinso tiphunzire kukana, ngakhale kwa abale, ng'ombe zikatopa. Zimenezi zinali zovuta kuposa zonse, ndipo ena anatinena.

Anthu ankati tidzatsalira. Zaka zina tinatsaliradi ndi masiku angapo. Koma Lolemba m'mawa ng'ombe zathu zinkalowa m'goli zokha, zikuweramitsa makosi, ndipo mzere wake unkawongoka. Yakuda ija inalima nyengo zina zisanu. Pomwe inakalamba Adada anakana kuigulitsa kwa ogula nyama, inangokhala ikudya kudambo ndi ana a ng'ombe.

Za tsiku sitinagwirizane mpaka mapeto. Ndikaganiza za mawu a Ambuye akuti Sabata linapangidwira munthu, osati munthu kupangidwira Sabata, ndimaona kuti ife awiri tinali titalilondera tsikulo ngati alonda a pageti, aliyense ndi geti lake, osalowa m'nyumbamo. Ndipo pamene Iye aitana olema ndi othodwa kuti awapumulitse, amatchula goli. Ndisanafike ku Chitipa mawu amenewo ndinkangowawerenga. Tsopano ndikudziwa kuti goli labwino amalisema poyang'ana khosi la ng'ombe imene idzalisenze, amalipala mpaka lisalale, ndipo mwini wake wabwino amadziwa nthawi yolichotsa.

Adada anatisiya zaka zingapo zapitazo, mvula itangoyamba. Masiku awo omaliza ndinkapita kukawawerengera, maso awo atafooka. Tsiku lina anandipempha ndime ija yonena kuti anthu a Mulungu mpumulo wa Sabata ukuwadikirabe. Nditamaliza anati, "Kumeneko, Asambizgi, tikaona kuti ndani ankawerenga bwino masiku."

"Mukakafika mukandisungire malo," ndinatero. "Tikapitirize."

"Yayi," anaseka mofooka. "Kumeneko ndikukapuma. Makani anu mukasiye kuno."

Goli lija anandisiyira ine. Pano limakokedwa ndi ng'ombe zina, imodzi yanga, inayo ya mwana wawo wamkulu, amene naye ndi bambo wa imvi zake ndipo amapembedza Loweruka ngati atate ake. Lachisanu dzuwa likapendeka amabwera nalo paphewa, n'kulitsamiritsa pamtengo wa mango, chingwe atachikulunga pamwamba pake. Palibe amene amapatsa mnzake chingwecho. Chimakhala pomwepo mpaka Lolemba, ndipo nthawi zina mvula ikagwa Loweruka usiku, m'mawa ndikamapita kutchalitchi ndimapeza ng'ombe ziwirizo zitagona pansi pa mtengowo, pambali pa goli lawo, zikubzikula.